Galu Wokalamba Akayamba Kumwa Madzi Osalekeza

Abale anga a ku migodi, ambiri a ife tinasiya galu kumudzi pamene tinadza kuno kudzagwira ntchito, ndipo ena amene tikhala ndi mabanja athu kunja kwa hositelo tili naye pakhomo pompano. Galu ndiye mlonda wosalandira malipiro pa kutha kwa mwezi. Mwamuna akatsika pansi usiku, wotsala ndi mayi ndi ana ndi iyeyo. Chifukwa chake ndapempha malo m'nyuzi ino kuti ndikambe za matenda amodzi a agalu okalamba, otchedwa Cushing. Matendawa sapatsirana, munthu sangawatenge kwa galu wake, ndipo sagwetsa galu m'masiku awiri monga achitira malungo a nkhupakupa. Amadza pang'onopang'ono, kotero kuti a pakhomo amangoti galu wakalamba, kapena wayamba mwano. Si ukalamba wokha ayi, ndiponso si mwano. Ndi matenda, ndipo mankhwala ake alipo, ngakhale kuti mtengo wake ngwowawa.

Ine ndikhala kufupi ndi Carletonville. Galu wanga ndi wamphongo, wofiira, wa mtundu wamba monga agalu a kwathu, wolemera makilogalamu 20. Ndinamtenga ali kamwana mu 2014, ndipo ana anamtcha Mpatseni chifukwa cha kupenyetsetsa kwake pa nthawi ya nsima. Dotolo wa ziweto anampeza ndi matendawa mu Epulo 2025, ali ndi zaka 11. Zimene ndilemba pano ndi zimene ndaona ndi maso anga, pamodzi ndi zimene dotolo anandifotokozera pa maulendo anga onse a ku chipatala cha ziweto.

Choyamba kuoneka chinali ludzu. Beseni la madzi limene kale linali kumkwanira tsiku lonse linayamba kuuma dzuwa lisanafike pamutu. Tinali kumpeza akumwa m'chidebe cha madzi ochapira, kapena ataima pampopi kudikira madontho. Madzi olowa ayenera kutuluka, chotero usiku anayamba kukanda chitseko kawiri kapena katatu, ndipo m'mawa wina tinapeza chithaphwi cha mkodzo pakhonde pamene agona. Galu ameneyu kwa zaka khumi sanaipitsepo malo ake. Pano ndiime pang'ono, pakuti agalu ambiri amamenyedwa pa chifukwa chimenechi. Galu wamkulu amene anaphunzira mwambo sauiwala dala. Akayamba kukodza pogona pake, chilipo chimene chamlaka, ndipo chikoti sichingachichotse.

Pambuyo pake inadza njala, njala yochititsa manyazi. Anagubuduza mgomo wa zinyalala, anatenga buledi wanga wa ku ntchito pa tebulo, zinthu zimene sanachitepo ngakhale pa unyamata wake. Mimba inakula nkuyamba kulendewera, pamene msana ndi ntchafu zinali kuonda. Ubweya unayamba kuyoyoka m'nthiti, kumanja ndi kumanzere mofanana ndithu ngati kuti wina wamumeta, koma kumutu ndi kumiyendo unatsala. Sanali kudzikanda. Usiku anali kupuma wefuwefu, lilime lili panja, ngakhale kunja kuli kozizira. Ndipo kampanda kakafupi kamene kale anali kukalumpha popita kukandichingamira, tsopano anayamba kukazungulira.

Anansi sanasowe mawu. Wina anati ndi njoka za m'mimba, wina anati ndi mphere, timpake oilo wakuda wa galimoto, ndipo mkulu wina anati galu ameneyu wadyetsedwa ndi anthu amene afuna kudzatibera. Onsewo ananena mwa chifundo, koma zizindikiro sizinagwirizane ndi mawu awo. Njoka zimatupitsa mimba makamaka mwa tiana ta agalu. Mphere zimayabwa koopsa, ndipo zimayamba m'mphepete mwa makutu ndi m'zigongono. Poizoni sadikira miyezi itatu. Za oilo wakuda ndinena poyera kuti musamayese pa galu aliyense. Amatentha khungu, ndipo galu pomunyambita amameza zoipa zonse za m'injini. Pa galu wa Cushing, amene khungu lake lapyapyala kale ngati pepala, ndiye kumuonjezera zilonda.

KUYEZA MADZI

Chinthu chimodzi mungathe kuchita musanaononge ndalama iliyonse. Tengani botolo la malita awiri, muyeze madzi amene mwathira m'beseni m'mawa, ndi onse amene mwaonjeza masana ndi madzulo, ndipo m'mawa mwake muyeze otsala. Chitani chotero masiku atatu, galuyo ali yekha pa beseni lake. Galu wabwino amamwa pafupifupi mamililita 50 kapena 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku. Akapitirira mamililita 100 pa kilogalamu, madotolo amati pali chovuta. Ndiye kuti galu wa makilogalamu 20 ayenera kumwa lita imodzi ndi pang'ono, ndipo akadutsa malita awiri afunika kukaonedwa. Wanga anali kumwa malita atatu ndi kupitirira. Pamene ndinapereka pepala la manambala amenewa kwa dotolo, anakondwa nalo koposa mawu anga onse, pakuti munthu akangoti galu akumwa kwambiri dotolo sadziwa kuti kwambiri kwakeko nkotani.

KAPITAWO AMENE SALEKA KUFUULA

Tsono matendawa nchiyani? Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono ngati njere ya mtedza, dzina lake adrenal. Tiziwalo tiwiri timeneti timapanga madzi a m'thupi, amene madotolo amati mahomoni, ndipo amodzi mwa iwo ndi cortisol. Cortisol si woipa ayi. Ndiye amene athandiza thupi pa nthawi ya mantha, ya njala kapena ya kuvulala. Amakweza shuga m'magazi, amasunga mphamvu ya kuthamanga kwa magazi, ndipo amaziziritsa zotupa. Popanda iye galu kapena munthu sangakhale moyo.

Koma tiziwaloti sitigwira ntchito mwa tokha. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kena kotchedwa pituitary, ndiko kamene kamatumiza lamulo. Inu nonse mudziwa ntchito ya kapitawo. Akati kumbani, anthu akumba. Muyezo ukakwana, akuti lekani. Pituitary ndiye kapitawo, ndipo lamulo lake ndi homoni yotchedwa ACTH. Cortisol akakwana m'magazi, kapitawoyo amakhala chete. Mwa galu wodwala Cushing, kapitawo wamera kachotupa, kawirikawiri kakang'ono kwambiri ndiponso kosakhala khansa, koma kamamchititsa kufuula usana ndi usiku. Antchito ake amamvera, ndipo cortisol amasefukira. Mwa agalu 100 alionse odwala matendawa, 80 kapena 85 vuto lawo ndi limeneli. Otsalawo chotupa chili pa adrenal penipeni, wantchito wasiya kumvera kapitawo aliyense, ndipo pafupifupi theka la zotupa za mtundu umenewu ndi khansa.

Mukamvetsa zimenezi, zizindikiro zonse zimamveka. Cortisol wochuluka amalepheretsa impso kusunga madzi, galu amakodza kwambiri, ndipo amamwa pofuna kubweza amene atayika. Zindikirani bwino dongosolo lake: sakodza chifukwa wamwa, koma amamwa chifukwa wakodza. Cortisol yemweyo amadya minofu, ndiye chifukwa chake miyendo imafooka. Minofu ya pamimba ikafooka, chiwindi chikatupa, ndipo mafuta akasonkhana m'kati, mimba imalendewera. Amaletsanso ubweya kumera, amachepetsa khungu, ndipo amafooketsa chitetezo cha thupi.

Dzinali linachokera kwa Harvey Cushing, dotolo wa ku America wochita opaleshoni ya ubongo, amene mu 1932 analemba za matendawa mwa anthu nasonyeza kuti gwero lake ndi kachotupa ka pa pituitary. Mwa anthu ndi osowa, koma mwa agalu a zaka zopitirira zisanu ndi chimodzi madotolo amawaona kawirikawiri, makamaka mwa mitundu monga Poodle, Dachshund, Boxer ndi tiagalu ta mtundu wa terrier. Galu wamba ngati wanga nayenso sapulumuka.

Palinso njira yachitatu imene galu angadwalire, ndipo iyi ndi ya manja a anthu. Mankhwala monga prednisolone, amene amaperekedwa pa kuyabwa kwa khungu, ndi abale ake a cortisol. Galu akawamwa miyezi yambiri amaonetsa zizindikiro zomwezi. Ngati galu wanu ali pa mankhwala otere, uzani dotolo, koma musawaleke mwadzidzidzi pa nokha. Amachepetsedwa pang'onopang'ono, pakuti adrenal amene wakhala akupumula nthawi yaitali sadzuka tsiku limodzi.

KU CHIPATALA SI ULENDO UMODZI

Munthu asayembekeze kuti dotolo adzangomyang'ana galu nkutchula dzina la matenda. Ludzu lalikulu mwa galu wokalamba lingakhale shuga, lingakhale impso, lingakhale chiwindi. Mwa galu wamkazi wosatseketsa lingakhale mafinya m'chiberekero, ndipo amenewo amapha msanga, safuna kudikira malipiro. Chotero tsiku loyamba dotolo anatenga magazi ndi mkodzo kuti achotse zimenezi. Mkodzo wa Mpatseni unali wosungunuka ngati madzi, ndipo muyezo umodzi wa chiwindi, umene amautcha ALP, unali pamwamba kwambiri, monga umakhalira mwa agalu ambiri a Cushing.

Tsiku lachiwiri ndinamsiya komweko kuyambira m'mawa. Anamtenga magazi, anambaya jekeseni yaing'ono ya dexamethasone, natenganso magazi patapita maola anayi, ndiponso patapita maola asanu ndi atatu. Nzeru yake ndi iyi: jekeseniyo imanamiza kapitawo kuti cortisol wakwana. Mwa galu wabwino kapitawo amatonthola, ndipo cortisol amatsika nakhala pansi. Mwa wanga, pa ola lachisanu ndi chitatu anali akadali pamwamba. Pomaliza anamuunika m'mimba ndi makina onga amene aunikira amayi apakati, ndipo anaona kuti ma adrenal onse awiri akula mofanana, popanda chotupa pa iwo. Apo dotolo anati vuto lili kumutu, kwa kapitawo.

MANKHWALA NDI NDALAMA

Dotolo anandilankhula mosabisa. Anati matendawa sachira, amangogwiridwa, monga munthu wa shuga kapena wa kuthamanga kwa magazi. Mankhwala amene ambiri agwiritsa ntchito lero ndi trilostane, amene m'maiko ambiri agulitsidwa ndi dzina la Vetoryl, ndipo ku America anavomerezedwa kwa agalu mu 2008. Sachotsa chotupa, koma amamanga manja a adrenal kwa maola angapo kuti asapange cortisol wambiri, ndiye chifukwa chake amamwedwa tsiku ndi tsiku kufikira imfa ya galuyo. Asanadze amenewa kunali mitotane, wachibale wa DDT uja wophera udzudzu, amene amaononga mbali ya adrenal, ndipo ena akadamgwiritsabe ntchito. Chotupa chikakhala pa adrenal, nthawi zina amachichotsa ndi opaleshoni, ndipo matenda ovuta otere kuno amatumizidwa kwa akatswiri, monga a ku Onderstepoort kumpoto kwa Pretoria kumene kuphunzitsidwa madotolo a ziweto. Ku Utrecht m'dziko la Netherlands akhala akuchotsa ngakhale pituitary ya galu kuyambira m'zaka za m'ma 1990, koma zimenezo si za thumba la ife okumba.

Ndinafunsa funso limene aliyense wa inu akadafunsa, lakuti galu wanga akhala nthawi yaitali bwanji. Yankho linali lakuti agalu ambiri amakhala zaka ziwiri kapena kupitirirapo pang'ono atawapeza ndi matendawa, ena kuchepera, ena kufika zinayi, ndipo ambiri amafa ndi matenda ena a ukalamba. Mankhwalawa ntchito yake yaikulu ndi yakuti masiku otsalawo akhale abwino, galu agone usiku, khungu lipole, ndipo asakhale ndi njala imene chakudya sichiithetsa.

Usiku umenewo tinakhala pansi ndi mayi a kunyumba, pepala la malipiro lili pa tebulo. Kumudzi kuli amayi anga amene ayembekeza ndalama ya feteleza, kuli mwana wa mlongo wanga ku sekondale. Makapisozi ndi a mwezi ndi mwezi, ndipo kupima magazi nakonso nkolipira, kanayi pa chaka kapena kupitirira. Tinawerenga, tinachotsa, tinawerenganso. Tinagwirizana kuti ndalama ya kumudzi isakhudzidwe ngakhale senti, koma za Loweruka zanga ndi wailesi yakanema yolipira zipumule. Ndikauza anzanga pa shifiti ena amaseka, amati madala mwayamba chizungu, galu kumwa mankhwala ngati bwana. Ndimawasekerera. Pa zaka khumi ndi chimodzi mbala sizinalowepo pa mpanda wanga, ndipo ndidziwa amene anazibweza.

Koma ndinene ichi mosapsatira. Munthu amene ndalama zake sizikwana, ana nkumasowa nsapato, sanalakwe akaleka kugula mankhwalawa. Matenda a Cushing amayenda pang'onopang'ono, ndipo kawirikawiri sapweteka monga chilonda kapena fupa lothyoka. Choipa ndi kuyamba mankhwala popanda ndalama yopimira magazi, kapena kumwetsa mlungu uno nkuleka wamawa, kapena kubwereka makapisozi a galu wa mnzanu. Mankhwala amenewa akachuluka amapha msanga koposa matenda ake. Ngati thumba lili lopyapyala, muuzeni dotolo pa tsiku loyamba kuti mungathe zakuti, pakuti iye adziwa kupima kumene kuli kofunika ndi kumene kungadikire. Funsaninso ku SPCA ya m'tauni yanu, kapena ku PDSA ya ku Soweto imene inakhazikitsidwira anthu opeza pang'ono.

TSIKU NDI TSIKU

Kusamala galu wotere si ntchito ya mphamvu, ndi ntchito ya nthawi, ndipo apa ndi pamene ife a mashifiti tivutika. Kapisozi ayenera kumwedwa pa ola lomwelo tsiku lililonse, ndiponso pamodzi ndi chakudya, pakuti m'mimba yopanda kanthu salowa bwino m'magazi. Mlungu wa shifiti ya m'mawa ine ndimatuluka kusanache, mlungu wa usiku ndimafika dzuwa litakwera. Chotero tinasankha kuti womwetsa akhale munthu mmodzi yekha, mayi a kunyumba, pa 7 koloko m'mawa, ndipo akamwetsa amadula mzere pa kalendala ya kukhitchini. Pakhomo pa anthu ambiri, aliyense wa mtima wabwino, nkwapafupi kuti galu amwe kawiri. Wanga anamyambitsa pa kapisozi mmodzi wa mamiligalamu 30 pa tsiku, koma musatengere nambala imeneyi, pakuti galu aliyense ali ndi muyezo wake ndipo wouika ndi dotolo.

Kapisoziyo sang'ambidwa kapena kugawidwa. Timamkulunga m'kambamu ka nsima kosakaniza ndi msuzi, ndipo kwa galu wa njala yotere ntchito imatha m'kuphethira kwa diso. Womwetsa asambe m'manja. Mayi wapakati, kapena amene afuna kutenga pakati, asawagwire mankhwala amenewa, pakuti amasokoneza mahomoni a m'thupi. Asungidwe pamwamba, kumene ana safika.

Tsono mverani chinthu chachikulu koposa zonse. Mankhwala akapitirira muyezo, cortisol amatsika kwambiri, ndipo galu angafe. Zizindikiro zake ndi kusanza, kutsegula m'mimba, kufooka, kunjenjemera ndi kukana chakudya. Galu wa Cushing sakana chakudya. Njala yomwe ija imene inatitayira buledi ndiyo tsopano belu lathu. Tsiku limene adzanunkhiza mbale yake nkuchokapo, kapisozi samwa, ndipo tsiku lomwelo apita kwa dotolo, kaya ndi Lamulungu. Lamulo limeneli ana onse pakhomo alidziwa, ndipo nambala ya chipatala yalembedwa pa kalendala yomwe ija.

Kupima magazi kumachitika patapita masiku khumi chiyambire mankhwala, kenaka pa milungu inayi, pa milungu khumi ndi iwiri, ndipo pambuyo pake miyezi itatu iliyonse, komanso nthawi iliyonse imene muyezo wasinthidwa. Kupima kumene amachita pa wanga ndi kwa jekeseni ya ACTH, ndipo kumafuna kuti papite maola anayi kufikira asanu ndi limodzi atamwa kapisozi. Ndiye kuti akamwa pa 7 koloko, tiyenera kukhala ku chipatala pakati pa 11 koloko ndi 1 koloko. Ndimasankha tsiku la mlungu wa usiku, ndimagona pang'ono madzulo ake.

Madzi musamuchepetsere. Ndanena kale kuti amamwa chifukwa wakodza, chotero mukabisa beseni kuti asanyowetse pakhonde, impso zipitiriza kutaya madzi ndipo thupi liuma. Ife tili ndi mabeseni awiri, lina pamthunzi kuseri, lina pakhonde, ndipo usiku chipata cha pakhonde timachisiya chotsegula kuti atuluke pa yekha. Chakudya ndiye chofunika kuyeza. Njala yake ndi yonama, ndipo mukaimvera adzanenepa pa miyendo yofooka kale. Chakudya chake cha tsiku timachigawa m'mawa ndi madzulo. Zonona za nyama ndi zikopa za nkhuku tinamletsa, pakuti magazi a agalu otere amakhala kale ndi mafuta ambiri, ndipo zonona zingamtupitse kapamba. Akalira kwambiri masana timampatsa dzungu lowiritsa kapena karoti. Ndiwo za anyezi wambiri si za galu. Panado ndi Brufen wa m'nyumba nayenso si wa galu, ngakhale muone kuti akutsimphina.

Khungu lifuna diso. Kachilonda kamene kale kakadapola m'masiku atatu tsopano kamatenga milungu. Waya kapena tcheni cha m'khosi chichoke. Nkhupakupa ndi utitiri zitetezedwe ndi mankhwala amene dotolo wavomereza, osati dibi wa ng'ombe wosungunula mongoganizira. Pamene pali dazi dzuwa limatentha, choncho masana akhale pamthunzi. Ndipo inu mudziwa chisanu cha kuno mu Juni ndi Julayi, pamene madzi a m'beseni amagwira m'mawa. Galu wopanda ubweya m'nthiti amachimva koposa. Wanga amagona pa makatoni awiri ndi bulangete lakale, pakona pamene mphepo sifika. Madzulo ndimayenda naye pang'ono, kufika pa golosale ndi kubwerera, pa liwiro lake, kuti minofu yotsalayo isathe. Mkodzo nawo dotolo amaupima kawirikawiri, chifukwa agalu otere amadwala matenda a m'chikhodzodzo popanda kuonetsa ululu, cortisol amabisa zizindikiro. Ena amayambanso shuga, choncho ludzu likabweranso mwadzidzidzi, kapena akayamba kuonda msanga, nkofunika kubwerera ku chipatala.

Mwina mufuna kudziwa kuti wanga ali bwanji. Pa milungu iwiri madzi anatsika kufika pansi pa malita awiri, ndipo tinayamba kugona usiku wonse. Pa mwezi umodzi mgomo wa zinyalala unapumula. Mimba ikadalendewerabe, ngakhale yachepako. Ubweya ndiwo umachedwa. Poyamba unayoyoka koposa kale ndipo khungu linafundula, koma dotolo anali atatichenjeza kuti zimatero wakale ukamachoka, ndi kuti kumera bwino kumatenga miyezi itatu kufikira isanu ndi umodzi. Tsopano m'nthiti mwayamba kuoneka tinthenga tofewa. Kampanda kaja akakazungulirabe.

AMENE GALU WAKE ALI KUMUDZI

Ambiri a inu galu ali kutali, kwa amayi kapena kwa akazi anu ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angonia, kumene kupima kwa mtundu uwu kulibe pafupi. Mukamva pa foni kuti galu wakalamba, wayamba kuba ndi kukodza pakhonde, funsani mafunso pang'ono asanamtaye kuthengo. Amamwa madzi ochuluka bwanji? Ubweya wachoka mbali zonse ziwiri? Amadzikanda? Akudya? Ngati zizindikiro zili monga ndafotokozazi, auzeni kuti si chiwewe ndipo ana sangatengeko kanthu. Galu wa chiwewe amasintha m'masiku ochepa, amavutika kumeza, amatuluka dovu, ndipo pa masiku khumi amakhala atafa. Wa Cushing amadya ndi kumwa mwaumbombo kwa miyezi. Komabe katemera wa chiwewe asalekedwe chifukwa galu wakalamba. Mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu angathe kumuona ndi kuthandiza pa mphere ndi njoka ngati vuto ndi limenelo, ndipo amene ali pafupi ndi Lilongwe angafunse ku chipatala cha LSPCA. Ngakhale popanda kapisozi, madzi osaphwa m'beseni, mthunzi, chiguduli chofunda, zilonda zotsukidwa ndi madzi a mchere pang'ono, ndi kuleka kum'menya, zonsezi zilibe mtengo.

Chimene chikundidyetsa mutu tsopano ndi Disembala. Chaka chino banja lonse lipita kumudzi, ulendo wa basi wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza, masiku awiri pa msewu m'nyengo yotentha. Galu wokalamba wa ludzu sangaupirire, ndipo kumuolotsa malire kumafuna makalata a madotolo a boma. Atsala. Mnzanga wa ku Lesotho, amene tigwira naye shifiti imodzi ndipo chaka chino sapita kwawo, wavomera kudzagona kwanga milungu inayi imeneyo. Wayamba kale kudzabwera Lamulungu lililonse kuti galu amzolowere, ndipo kawiri wamwetsa kapisozi mayi a kunyumba akuyang'ana. Kupima magazi ndakuika kumayambiriro kwa Disembala kuti muyezo usasinthidwe ife titachoka. Makapisozi a milungu isanu ndi umodzi ndidzawagula ndi malipiro a Novembala, pakuti mabasi a Januwale amachedwa pa malire.